KUCHEPETSA THUPI: TIYAMBIRE PATI?

Kwathu kuno munthu akabwerako ku ulendo wautali, abale amamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo akaona kuti masaya adzaza amati, "Koma ndiye mwanenepa! Kumene mudaliko mumadyako bwino." Mau ameneŵa ndi oyamikira. Mayi wonenepa amati akusamalidwa bwino pabanja, ndipo bambo wa mimba yaikulu amamutcha bwana ngakhale alibe ofesi. Makolo athu adali ndi chifukwa choganizira chotere, pakuti adaona njala ya 1949, ndipo ambiri a ife tidaona ya 2002. Munthu amene adagonapo ndi njala saona choipa pa thupi lonona.

Koma akulu omwewo adatinso chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Masiku ano m'zipatala zathu muli mzere umene kale udali waufupi, mzere wa anthu odwala matenda a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Ambiri a iwo amaoneka athanzi ndithu. Nkhani ino yalembedwera inu amene dokotala kapena namwino wakuuzani kuti muchepetse thupi, ndipo mwabwerera kunyumba muli ndi funso lakuti, "Nanga ndiyambire pati?"

KUKULA KWA VUTOLI

Kafukufuku wa zaumoyo amene Boma lidachita m'dziko muno m'chaka cha 1992 adapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse, amayi 10 adali olemera kupyola muyeso. Pofika 2015 ndi 2016 chiŵerengerocho chidafika pa 21. M'matauni adali amayi 36 mwa 100, ndipo m'midzi adali 18. Tisanamizidwe tsono kuti ili ndi vuto la anthu a m'tauni okha. Kafukufuku wina wa mu 2009 adaonetsa kuti mwa anthu akuluakulu atatu a zaka 25 mpaka 64, mmodzi adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziŵa n'komwe. Pa dziko lonse, bungwe la zaumoyo la WHO lidaŵerengera kuti mu 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 aliwonse adali wonenepa kwambiri.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kafukufuku yemweyo wa 2015 ndi 2016 adapezanso kuti ana 37 mwa 100 osafika zaka 5 adali opinimbira. Pakhomo limodzi pomwepo mungapeze mayi wonenepa ndi mwana wosakula bwino. Izi zikutiphunzitsa kuti kunenepa si umboni wakuti banja likudya bwino. Kaŵirikaŵiri ndi umboni wakuti likudya chinthu chimodzimodzi chambiri.

MBALE YA KHASU, NTCHITO YA PAMPANDO

Aliyense wokhala ku Zomba amaŵadziŵa amayi amene amatsika phiri ndi mitolo ya nkhuni pamutu, ndiponso abambo okankha njinga zolemedwa ndi nkhuni m'mseu wochokera ku Ku Chawe. Ena amadzera njira yachidule yotchedwa Potato Path, imene alimi akhala akutsitsiramo mbatatesi kupita nazo kumsika. Sitikunena kuti kusenza katundu wotere ndi mankhwala, pakuti kumapweteka khosi ndi msana. Koma n'kovuta kupeza wonenepa kupyola muyeso pakati pa anthu ameneŵa, ngakhale adye mitanda inayi ya nsima, chifukwa zonse zimene adya zimathera m'phiri momwemo.

Tsono taganizani za mbale wao wa bere limodzi amene adapeza benchi mumsika wa Zomba, kapena ntchito ya ukalaliki mu umodzi wa maofesi a mzinda uno, umene udali likulu la dziko kufikira 1975. M'maŵa amakwera kabaza kuchokera ku Chinamwali kapena ku Chikanda. Amakhala pansi tsiku lonse. Akamva njala amagula mandasi, zigege kapena tchipisi, n'kutsitsira chakumwa chotsekemera cha m'botolo. Madzulo akafika kunyumba amadya mitanda inayi yomwe ija imene adazoloŵera ali kumudzi. Ntchito idasintha, koma mbale sidasinthe.

Thupi lili ngati nkhokwe. Chakudya chimene tadya chimasanduka mphamvu, ndipo mphamvu imene sitidaigwiritse ntchito thupi silitaya, limaisunga ngati mafuta. Ngakhale kumudzi zimenezi zimachitika, makamaka m'miyezi ya pambuyo pa kukolola, pamene chakudya chachuluka, ntchito ya kumunda yachepa, ndipo maukwati ndi zinamwali zili paliponse.

Tiyenera kunenanso kuti kunenepa si mlandu ndipo si ulesi. Ena n'kwa kumtundu. Ena amanenepa chifukwa cha uchembere, ukalamba, kusoŵa tulo kapena mankhwala amene akumwa. Munthu wonenepa afunika kuthandizidwa, osati kusekedwa.

CHIMENE MAFUTA AMACHITA M'THUPI

Mafuta oopsa kwambiri ndi a pamimba, amene amakuta chiŵindi ndi matumbo. M'thupi muli chinthu chotchedwa insulini, chimene ntchito yake ndi kutsekulira shuga njira kuti achoke m'magazi n'kuloŵa m'minofu. Mafuta a pamimba akachuluka, insulini sagwira bwino ntchito, ndipo shuga amangoyandama m'magazi. Pakapita zaka amaononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi, kotero kuti kachilonda kakang'ono kangathe kudulitsa mwendo.

Mtima nawo umavutika kupopa magazi m'thupi lalikulu. Magazi akamathamanga kwa nthaŵi yaitali, mtsempha wa mu ubongo ungathe kuphulika kapena kutsekeka, ndipo munthu amafa ziŵalo mbali imodzi. Zikatere ambiri amathamangira kunena kuti waponda mankhwala kapena walodzedwa, mabanja n'kudana, pamene chidayambitsa chidali m'mbale ndi m'mitsempha. Maondo ndi msana nazo zimalira. Chigubu cha madzi cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20. Munthu amene wapyola muyeso wake ndi makilogalamu 20 ali ngati wasenza chigubu chimenecho usana ndi usiku osatula.

CHOYAMBA, DZIŴANI PAMENE MULI

Musanasinthe kanthu kalikonse, pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi ku Matawale, ku Domasi kapena ku chipatala chachikulu cha Zomba, ndipo mupemphe kuti akupimeni kulemera, msinkhu, kuthamanga kwa magazi, ndi shuga ngati zipangizo zilipo. Zonse azilembe m'buku lanu la kuchipatala. Magazi akamapezeka pa 140/90 kapena kupyola apo maulendo angapo, ndiye kuti akuthamanga.

Achipatala ali ndi njira yoŵerengera imene amaitcha BMI. Amatenga kulemera kwanu m'makilogalamu n'kugaŵa ndi msinkhu wanu m'mamita, kenaka yankholo n'kuligaŵanso ndi msinkhu womwewo. Yankho likakhala pakati pa 18.5 ndi 25, muli bwino. Likafika 25 mwapyola muyeso, ndipo likafika 30 mwanenepa kwambiri. Mwachitsanzo, mayi wotalika mamita 1.6 amayamba kupyola muyeso akafika makilogalamu 64, ndipo akalemera 80 yankho lake ndi 31.

Pali njira inanso yosalira sikelo. Tengani chingwe kapena luzi, muliyeze kuyambira kuphazi mpaka pamutu panu, n'kudula. Lipindeni pakati, ndipo mulizunguze m'mimba pamwamba pang'ono pa mchombo. Nsonga zake zikalephera kukumana, ndiye kuti mimba yanu yapyola theka la msinkhu wanu, ndipo nthaŵi yakwana yochitapo kanthu. Sungani chingwecho, chidzakhala mboni yanu mwezi ndi mwezi.

PANG'ONOPANG'ONO NDI MTOLO

Cholakwa cha ambiri n'kufuna kubwerera ku thupi la pa utsikana kapena pa unyamata m'mwezi umodzi. Amasala kudya, amachita chizungulire, ndipo pakatha masabata aŵiri amagonja n'kudya koposa kale. Chosangalatsa n'chakuti thupi silifuna zambiri kuti liyambe kupepukidwa. Ku America kudachitika kafukufuku wa anthu oposa 3,000 amene shuga wao adali atayamba kukwera, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2002. Gulu lina lidalangizidwa kuchepetsa makilogalamu 7 pa 100 aliwonse a kulemera kwao ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata. Mwa anthu a gulu limeneli, odwala matenda a shuga adachepa ndi 58 pa 100 poyerekeza ndi anzao amene sadalandire chithandizo chimenechi. Ku Finland adapezanso chimodzimodzi mu 2001.

Tsono mayi wathu wa makilogalamu 80 uja asayambe n'kulota za 60. Ayambe ndi makilogalamu 4 kapena 6. Akamatsika theka la kilogalamu pa sabata, makilogalamu 4 atha m'miyezi iŵiri, ndipo maondo ndi mtima ziyamba kale kuthokoza.

ZA M'MBALE

Palibe chifukwa chogulira zakudya zachilendo za m'sitolo. Unduna wa Zaumoyo umatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Wochepetsa thupi ayenera kudya magulu onseŵa. Chosintha ndi muyeso wake.

Nsima. Palibe amene akukuletsani nsima. Koma chizoloŵezi chathu n'chakuti nsima ikhale phiri, ndiwo zikhale zongonyambita. Tembenuzani zimenezi. Theka la chakudya chanu likhale masamba, ndipo theka linalo muligaŵe paŵiri, mbali ina nsima, mbali ina nyemba, nsomba, dzira kapena nyama. Ngati mumadya mitanda inayi, yambani ndi itatu, ndipo pakatha masabata aŵiri mufike pa iŵiri. Mgaiwa uposa ufa woyera, chifukwa gaga amene timataya pokonola ndiye amakhalitsa m'mimba ndi kuchedwetsa njala. Dziŵaninso kuti mpunga, mbatata, chinangwa, buledi ndi nthochi zophika zonse ndi gulu limodzi ndi nsima. Kudya chinangwa chambiri m'malo mwa nsima si kuchepetsa kanthu. Pabanja podyera mbale imodzi, dzipatulireni gawo lanu musanayambe kudya, pakuti dzanja siliŵerenga mbamu.

Masamba ndi zanyemba. Bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya, chigwada, mpiru ndi therere zimadzaza mimba popanda kunenepetsa. Nandolo, khobwe, nzama ndi nyemba zimakhutitsa nthaŵi yaitali. Matemba a ku Chilwa ndi usipa n'zabwino koposa soseji. Bungwe la WHO limalangiza magalamu 400 a masamba ndi zipatso tsiku lililonse, ndiko kunena pafupifupi manja asanu odzaza.

Mafuta ophikira. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi mphamvu yoposa kaŵiri ya galamu imodzi ya ufa. Sipuni yaikulu imodzi ya mafuta imafuna kuti munthu ayende ndawala pafupifupi theka la ola kuti aithe. Musathire mafuta mumphika kuchokera m'botolo, yezani ndi sipuni. Nsomba ndi nyama muziŵiritsa kapena kuotcha m'malo mokazinga, ndipo nkhuku muziichotsa khungu. Kutendera n'kwabwino, koma ndiwo zotendera zisalandirenso mafuta, pakuti nsinjiro zili nawo kale.

Shuga. Munthu wothira masipuni atatu m'kapu ya tiyi, namwa makapu aŵiri pa tsiku, amatha pafupifupi makilogalamu 9 a shuga pa chaka, yekhayekha. Botolo limodzi la chakumwa chotsekemera la mamililita 300 lingathe kukhala ndi masipuni 8. Malangizo a WHO ndi akuti shuga yense wa tsiku limodzi asapyole masipuni aang'ono 12, ndipo kukhala pa 6 n'kwabwino koposa. Chotsani sipuni imodzi sabata lino, ina sabata la maŵa, lilime lidzazoloŵera. Thobwa wothira shuga wambiri ndi chakudya, si madzi. Ludzu limatha ndi madzi abwino akumwa. Vitamini A amene amaikidwa mu shuga wa m'dziko muno mungampezenso m'mapapaya, mango, maungu ndi mbatata yofiira m'kati.

Mchere. Mchere sunenepetsa, koma umakweza kuthamanga kwa magazi. Munthu wamkulu asapyole magalamu 5 pa tsiku, ndiyo sipuni yaing'ono imodzi yosasefukira, kuŵerengera ndi wa m'ndiwo momwe. Chotsani mchere pamphasa podyera. Soda ndi timibulu tokometsera ndiwo nazo zili m'gulu lomweli. Mchere wochepa umene mukugwiritsa ntchitowo ukhale wa ayodini.

Moŵa. Masese, kachasu ndi moŵa wa m'mabotolo zonse zili ndi mphamvu yambiri yopanda phindu m'thupi, ndipo kumene kuli moŵa sikusoŵa kanyenya. Abambo ambiri mimba yao idachokera kumeneko.

Zotolatola. Chimene chimagwetsa ambiri si chakudya cha masana, koma tinthu ta m'njira: apa ndasi, apo chitumbuwa, uko bisiketi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Njala ikakupezani pakati pa tsiku, idyani gwafa, lalanje, masuku pa nyengo yake, kapena mabulosi ndi zipatso zina zimene anyamata amagulitsa m'mbali mwa mseu wa kuphiri. Ndipo musadumphe chakudya cha m'maŵa n'cholinga chodzabwezera usiku. Phala la mgaiwa losachulutsa shuga likwanira.

ZA MIYENDO

Munthu wamkulu afunika mphindi zosachepera 150 pa sabata za ntchito yotulutsa thukuta, ndiko kunena theka la ola pa masiku 5. Muyeso wake ndi uwu: muziyenda mofulumira kotero kuti mungathe kulankhula ndi mnzanu koma simungathe kuimba nyimbo. Ngati mwakhala nthaŵi yaitali osayenda, yambani ndi mphindi 10, ndipo muzionjezera mphindi 5 sabata lililonse.

Anthu a ku Zomba tili ndi mwai umene ena alibe. Pafupifupi mseu uliwonse wa ku Mulunguzi ndi chitunda, ndipo m'munda wa maluŵa ndi mitengo umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi muli mthunzi ndi tinjira toyendamo. Woyamba kumene ayambe ndi malo athyathyathya, m'maŵa dzuŵa lisanakwere kapena madzulo. Pakapita miyezi, miyendo italimba, angathe kuyesa mseu wokwera kuphiri, mpaka tsiku lina adzafike pa damu la Mulunguzi n'kuona kumene madzi a m'mipope ya mzinda uno amachokera. Njira yachidule ija ndi yotsetsereka kwambiri ndipo imaterera nthaŵi ya mvula, si ya oyamba kumene. Phirili nsonga yake ya Malumbe imapyola mamita 2,000, ndipo silithaŵa, lidzakudikirani. Poyenda m'nkhalango muzikhala aŵiri kapena atatu.

Amene muli kutali ndi phiri musadandaule. Kulima, kutunga madzi, kusinja, kupalasa njinga, kutsika kabaza mtunda usanathe, ntchemberembaye, manganje, beni ndi tchopa, zonsezi ndi maseŵera olimbitsa thupi. Masiku aŵiri pa sabata chitaninso zolimbitsa minofu, monga kukhala pampando ndi kuimirira kakhumi osagwira kanthu. Wogulitsa mumsika ndi wa mu ofesi aziimirira ndi kuyendayenda pang'ono ola lililonse. Koma dziŵani kuti miyendo yokha singathe kugonjetsa mbale. Mandasi aŵiri angathe kubweza zonse zimene mwakhetsera thukuta m'maŵa. Ziŵirizi ziyendere limodzi.

Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika koposa muyeso, imani pomwepo ndipo mupite kuchipatala.

"ANTHU ADZATI CHIYANI?"

Ili ndilo phiri lalikulu kuposa la Zomba. Kuyambira pamene matenda a Edzi adafika m'dziko muno, munthu akayamba kuonda anthu amanong'onezana. Amayi ambiri amaopa kuti apongozi adzati mwana wao sakuŵasamala, kapena kuti anzao a kumjigo adzati adwala. Chifukwa cha manthawo amasankha kukhala ndi thupi limene likuŵapweteka. Mbeŵa yamanyazi idafera kuuna. Njira yothetsera manong'onong'o ndiyo kulankhula poyera musanayambe. Auzeni a kunyumba kwanu, apongozi ndi anzanu a kumpingo kapena kumzikiti kuti, "Achipatala andiuza kuti magazi anga akuthamanga, tsono ndikuchepetsa thupi dala." Mukatero mwatseka pakamwa pa amiseche, ndipo mwina mupeza mnzanu woyenda naye.

Inu abambo, musanyoze ndiwo zamasamba kapena kukalipa kuti mafuta achepa mumphika. Inu amayi, musaone ngati mwamuna wochepetsa nsima wakana kuphika kwanu. Mphika ndi umodzi, ndipo ukasintha banja lonse limapindula.

CHENJEZO

Kuonda kumene tikunena pano ndi kochita kufuna. Ngati mukuonda osadziŵa chifukwa, makamaka pamodzi ndi chifuwa chosatha, thukuta la usiku, kutsekula m'mimba, ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, musakondwere. Thamangirani kuchipatala, pakuti chingakhale chifuwa chachikulu, kachirombo ka HIV, shuga kapena khansa.

Mayi woyembekezera asayese kuchepetsa thupi, ndipo woyamwitsa ayambe wafunsa anamwino kusikelo. Ana asamanidwe chakudya. Chofunika kwa iwo n'kuchepetsa zotsekemera ndi kuŵalola kuseŵera.

Amene mukumwa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, uzani adokotala musanasinthe kadyedwe, chifukwa shuga angathe kutsika kwambiri, ndipo musaleke mankhwala pa nokha ngakhale mukupeza bwino. Kuyambira 2019 anthu ambiri a m'dziko muno amalandira ma ARV okhala ndi mankhwala a dolutegravir, ndipo ena amanenepa nawo. Amayi enanso amanenepa ndi jakisoni wolera. Musasiye mankhwala ameneŵa chifukwa cha thupi. Kambiranani ndi achipatala.

Chenjerani ndi tiyi, ufa ndi mapiritsi amene amagulitsidwa m'misika ndi pa foni, amene eni ake amati amasungunula mafuta m'masiku oŵerengeka. Ambiri amangotsekula m'mimba kapena kukodzetsa, ndipo chotuluka ndi madzi, osati mafuta. Ena amaononga impso ndi chiŵindi. Lamba womanga pamimba ndi kuvala mapulasitiki kuti mutuluke thukuta sizichotsa mafuta. Safunsa adadya phula.

SABATA LOYAMBA

Musayese zonse tsiku limodzi. Sabata lino chitani zinthu zinayi zokha. Pitani mukapimitse ndipo mudule chingwe chanu. Chotsani sipuni imodzi ya shuga m'tiyi. Chotsani mtanda umodzi wa nsima ndipo malo ake muikepo masamba. Yendani ndawala mphindi 10 tsiku lililonse. Sabata la maŵa muonjezerepo chimodzi, monga kuyeza mafuta ndi sipuni.

Muzikwera sikelo kamodzi pa mwezi, kapena kamodzi pa sabata ngati ili pafupi, osati tsiku ndi tsiku. Idzafika nthaŵi pamene sikelo idzaima ngakhale mukuyesetsa, chifukwa thupi likachepa limafunanso chakudya chochepa. Imeneyo si nthaŵi yogonja. Kudzakhalanso maukwati, Khirisimasi ndi Idi, pamene mudzadya kopyola muyeso. Tsiku limodzi silingafafanize miyezi itatu, bola m'maŵa mwake mubwerere m'njira. Madzi saiŵala khwaŵa, ndipo thupi limabwerera msanga kwa amene wabwerera ku mbale yakale. N'chifukwa chake tikuti musankhe kadyedwe kamene mungakhale nako moyo wanu wonse.

Ngati muli ndi mafunso, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena anamwino pa tsiku la sikelo. Mukamaliza kuŵerenga magazini ino, mpatseni mnzanu, ndipo amene satha kuŵerenga muŵaŵerengere.